Namapopa akakhala pampando: maganizo anga pa buku la Guilty Pleasures

Mnzanga wina atandipeza ndi buku la Laurell K. Hamilton lotchedwa Guilty Pleasures, anaseka chikhakhali. "Achimwene, kukula konseku mukuwerengabe za anamapopa?" Ndinamuyankha kuti ndikuwerenga za ndale. Iye anayesa nthabwala, koma ine ndinkanenetsa, ndipo lero ndifuna ndifotokoze chifukwa chake.

Kwa amene simukumudziwa, vampaya wa m'nthano za azungu ndi munthu amene anafa koma sanaole. Usana amagona m'bokosi, usiku amadzuka kukayamwa magazi a anthu amoyo, ndipo sakalamba. Wotchuka zedi ndi Dracula, wa m'buku limene Bram Stoker anatulutsa mu 1897. Dracula anali mlendo. Anachoka ku Transylvania ndi mabokosi 50 a dothi lakwawo nakagula nyumba ku London, koma eni mzinda atamutulukira anamupirikitsa mpaka kukamuphera kwawo komweko. Mzinda unatsala m'manja mwa amoyo.

Pofika m'ma 1990 zinthu zinatembenuka. Mu 1991 kampani ya White Wolf inatulutsa masewera a nthano otchedwa Vampire: The Masquerade, m'mene mizinda ikuluikulu ili ndi kalonga wake wa mavampaya, monga Lodin ku Chicago ndi Mithras ku London. Kalongayo ndiye amagawa madera osakamo, ndiye amaloleza kupanga vampaya watsopano, ndiye amalamula kuti wophwanya lamulo asakidwe. Mlendo uja anasanduka mwini mudzi.

Buku la Hamilton, limene linatuluka mu 1993, linafika nayo patali nkhaniyi. Mu America wa m'bukuli mavampaya ndi ovomerezeka mwalamulo. Ali ndi mabizinesi, ali ndi tchalitchi chawo, ndipo kupha mmodzi popanda chilolezo cha khoti ndi mlandu. Mzinda wa St. Louis usiku umalamulidwa ndi Nikolaos, vampaya wa zaka zoposa 1,000 koma wa nkhope ya kamtsikana kosatha msinkhu. Apa ndimugwire dzanja mlembiyu. Tikadapatsidwa chimphona cha mano akuthwa tikadangoopa basi. Koma kuona akuluakulu a ndevu zawo akugwadira mwana, akuyeza mawu alionse asanawatulutse poopa kumukwiyitsa, ndi chithunzi cha ulamuliro wankhanza chimene sichichoka m'maso.

Onaninso m'mene Nikolaos amalamulira. Mavampaya ake atayamba kuphedwa, iye akufuna kuti Anita Blake, mayi amene ntchito yake ndi kudzutsa mitembo ndi kupha mavampaya olakwa, amufufuzire wakuphayo. Sakumupempha ayi. Akuika moyo wa Catherine, mnzake wa Anita, pa chikole. Jean-Claude, mmodzi wa nduna zake, atamukhumudwitsa, akumutsekera m'bokosi lamaliro lozingidwa ndi mitanda. Ndipo pali Phillip, mnyamata wa zipsera thupi lonse, amene anazolowera kulumidwa ngati chidakwa ku kachasu. Imfa yake ndiyo malo okhawo pamene bukuli limaima n'kuwerengera mtengo wa ufumuwu pa munthu wamba.

Ife a ku Malawi sitifunika womasulira pamenepa. Mu 1971 tinapatsidwa Pulezidenti Wamuyaya, ndipo chaka chomwecho cha 1993 chimene bukuli linatuluka, ife tinali pamzere wa riferendamu kukana chipani chimodzi. Tikudziwa tanthauzo la mpando umene mwini wake sayembekezeka kuchokapo. Vampaya wolamula mzinda ndi loto la wolamulira aliyense wotere: palibe chisankho, palibe ukalamba, palibe maliro, ndipo anthu ndi nkhokwe chabe yotapamo.

Tsono dandaulo langa nali. Kumapeto Anita akupha Nikolaos, ife nkuomba m'manja. Nanga mpando uja ukupita kwa yani? Kwa Jean-Claude, vampaya mnzake, kungoti uyu ndi wooneka bwino, wa malaya a lesi ndi lilime lozuna la Chifalansa. Palibe amene akufunsa anthu a ku St. Louis ngati akufunanso mfumu ina. Choipa kwambiri, m'mabuku otsatira Anita mwiniyo akugwa naye m'chikondi, ndipo funso loti mfumuyi imadya chiyani likunka lizilala. Akulu anati fisi ndi fisi ngakhale asinthe tchire. Hamilton anatiphunzitsa kudana ndi mfumu yankhanza, koma ufumu weniweniwo anausiya osaukhudza, ndipo olemba ambiri amene anatsata mapazi ake anatengera chilema chomwechi. Wowerenga amatuluka atakhulupirira kuti vuto silinali kuyamwa magazi, koma kuyamwa mopanda ulemu. Eti zoona zimenezo?

Kodi ndiye musaliwerenge? Liwerengeni ndithu. Limathamanga, Anita ali ndi pakamwa pakuthwa, ndipo Nikolaos simudzamuiwala. Koma mukafika tsamba lomaliza, pamene mfumu yatsopano ikumwetulira, bwererani m'mbuyo mukawerengenso za Phillip. Mnzanga uja ndinamubwereka bukuli. Polibweza anangoti, "Koma Jean-Claude yekhayo ndi munthu wabwino." Ndinamuyang'ana, ndipo ndinadziwa kuti mfumu yapeza kale munthu wake woyamba.