Nthabwala ngati Nyambo pa Misonkhano Yokopera Anthu ku Chikhristu

M'mipingo yambiri ya Chiprotestanti ku United States muli mwambo umene ansembe athu ayenera kuulingalira bwino asanayambe kuusirira. Mpingo umabwereka holo, nuitana katswiri wa nthabwala, ndipo Mkhristu aliyense amapemphedwa kubwera ndi mnzake wosapemphera. Anthu amafa nalo phwete kwa ola lathunthu. Kenaka mawu a wanthabwala uja amatsika, iye nayamba kusimba za kutembenuka mtima kwake, ndipo potsiriza amaitana ofuna kulandira Ambuye kuti adze kutsogolo.

Kusekako sitikukutsutsa ayi. Nzoona kuti Paulo Woyera, pa Aefeso 5:4, akuletsa nkhani zopusa ndi zoselewula, ndipo liwu lachigiriki limene akugwiritsa ntchito ndi eutrapelia. Koma Thomas Aquinas Woyera, potsata Aristotle, adatenga liwu lomwelo naliyesa khalidwe labwino, pokumbutsa kuti uta wokhala chikokere umathyoka. Ku Bavaria, ansembe ankaseketsa Akhristu pa ulaliki wa Pasaka, mwambo umene Oecolampadius adaudzudzula m'chaka cha 1518. Ngakhale malemu Papa Fransisko, m'mwezi wa June 2024, adalandira ku Vatican akatswiri a nthabwala oposa 100.

Vuto nlakuti munthu akamaseka amaleka kufunsa mafunso, ndipo nkhani ya Mike Warnke ikusonyeza zimenezi poyera. M'buku lake lotchedwa The Satan Seller, iye adanena kuti ali mnyamata ku California adali mkulu wa gulu la opembedza Satana okwana 1,500, Yezu asanampulumutse. Lilime lake lidali lakuthwa: ankaseketsa anthu mpaka misozi, kenaka nkuwaopseza ndi zoopsa za mumdima. Kwa zaka pafupifupi 20 ankadzaza maholo, ndipo m'chaka cha 1985 wailesi yakanema ya ABC idamuonetsa ngati wodziwa za usatana. M'chaka cha 1992 magazini yachikhristu ya ku Chicago, Cornerstone, itafunsa anzake akale ndi kuwerengetsera masiku, idapeza kuti nkhani yakeyo siikugwirizana ndi moyo wake weniweni. Pambuyo pake mwiniwake adavomera kuti zina adakokomeza. Tithokoze kuti amene adaulula bodzali adali Akhristu anzake. Komabe manyazi atigwire kuti abusa ambirimbiri adamuitana osafunsa kanthu, popeza mipando inkadzaza. Nanga wakunja amene adatembenuka chifukwa cha umboni umenewu, adati chiyani za Mthenga Wabwino atamva zoona zake?

Ngakhale wanthabwala akhale wonena zoona, mlandu wina ukadalipo. Mlendo amauzidwa kuti kuli usiku wa nthabwala, za ulaliki sauzidwa. Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, m'chikalata cha Ad Gentes cha 1965, ndime 13, udaletsa kukakamiza munthu kulowa m'chipembedzo, ndiponso kumnyengerera kapena kumkopa ndi njira zosayenera. Msodzi amabisa mbedza m'nyambo podziwa kuti nsomba ikaiona siingadye. Munthu wolengedwa m'chifaniziro cha Mulungu ayenera kuuzidwa chimene waitanidwira.

Makolo athu ankadziwa kuti nthabwala zili ndi eni ake. Asuweni amatha kutukwanizana anthu nkumaseka, chifukwa ubale udayamba kale; mawu omwewo akachokera kwa mlendo amasanduka mlandu wa pabwalo. Wanthabwala wa pa msonkhano amabwereka ubale umene sadaumange, ndipo m'mawa mwake amakhala atapita kumzinda wina. Choipitsitsa chimachitika akayamba kuseka osakhulupirira kapena a zipembedzo zina, pamene eni akewo akhala pampando wachitatu, mwina atalipira pakhomo.

Philip Neri Woyera, amene adamwalira ku Roma m'chaka cha 1595, ankaseketsa anthu nayenso, koma wosekedwayo ankakhala iye mwini. Akuti nthawi ina adayenda mumzinda atameta ndevu mbali imodzi yokha, pofuna kuti anthu aleke kumtamanda ngati woyera. Sadabise unsembe wake kwa aliyense, ndipo amene adaseka naye lero ankampeza mawa m'tchalitchi chomwecho, akumva kulapa kwa anthu. Parishi yofuna kuitana wanthabwala ingathe kutero, malinga ilembe pachikwangwani kuti mawu a Mulungu adzalalikidwanso, ndi kufufuza mbiri ya mlendoyo monga momwe tifufuzira makalata a wansembe wachilendo asanachite Misa.