Ilire Mbalule ku Chileka, Iyankhe ku Lirangwe

Wambani ng'oma pamoto, anyamata, chikopa chikungike. Mbalule itsogole, mpanje iyankhe. Amayi, nthungululu! Tikutamanda eni nthaka.

Chileka, inu Chipata-cha-dziko! Inu a kwa Kuntaja, a kwa Kunthembwe, ogona m'tsinde mwa Michiru, omwa madzi a Likhubula. Ndege zisanadziwe njira ya ku Lumbadzi zinkatera pabwalo panu. Pa 6 Julaye 1958 ndinu munalandira Kamuzu pobwera kwawo atatha zaka zoposa 40 kunja, khamu la anthu likufuula kuti kwacha. Mu Meyi 1989 Papa Yohane Paulo Wachiwiri anayamba waponda nthaka yanu asanaone Malawi yense. Mlandira-alendo, wosafunsa mlendo kuti wanyamula chiyani!

Ikani mphamvu pamenepo, wang'oma, pakuti tafika pa Singano.

Nakubala-wa-oimba! Mudzi umene unalera Daniel ndi Donald Kachamba, ana a chitoliro ndi gitala, amene anatenga kwela ya ku Joni n'kuiphunzitsa kuyankhula Chinyanja. Gerhard Kubik wa ku Austria atawamva mu 1967 sanathenso kuiwala njira ya kwanu, ndipo nyimbo za anyamata aja zinakamveka ku Ulaya. Daniel anagona mu 1987. Donald anakaphunzitsa azungu ku Los Angeles mu 1999, n'kutsatira mkulu wake mu 2001. Pamudzi pomwepo Moya Malamusi anasonkhanitsa zoimbira zakale, nthano ndi zilapi kuti zisapite kumanda pamodzi ndi eni ake. Ndani wina anatichitira zotere?

Inu amake Robert Fumulani ndi gulu lake lotchedwa dzina la mtsinje wa Likhubula! Inu amake Evison Matafale, mnyamata wa mawu osaopa, amene anatisiyira Kuimba 1 ndi Kuimba 2, n'kufera m'manja mwa apolisi pa 27 Novembala 2001. Bala limenelo silinapole, ndipo tisanamizane kuti linapola. Musamude Fumulani ananyamula gulu la Black Missionaries mpaka 2007, naye n'kugona. Koma abale ake Anjiru ndi Chizondi sanalole kuti zingwe zichite dzimbiri, Anthony Makondetsa ali pambali pawo, ndipo chaka ndi chaka anthu amakhamukira kwanu kudzakumbukira anawo. Mliri-woimba, woika maliro m'mawa, madzulo n'kukunganso gitala!

Mtungira-mzinda! Madzi a Shire ochokera ku Walker's Ferry amadzera m'makina anu kuti akwere mtunda wa ku Blantyre. Mawaya a ku Nkula ndi ku Tedzani amadutsa pamwamba pa madenga a udzu. Koma mayi wa m'mudzi amalawira m'bandakucha kukaima pamzere wa pamjigo, ndipo usiku mwana wake amawerengera pa tochi. Wopatsa-n'kudzimana, tikukuombererani m'manja, mtima ukuwawa.

Tembenuzani ng'oma iloze kumpoto. Dutsani Lunzu.

Lirangwe, inu Mphambano-ya-apaulendo! Dzina la mtsinje, dzina la msika, dzina la siteshoni. Njanji yopita ku Salima, imene inatha kumangidwa mu 1935, inadzera pakhomo panu, ndipo msewu wa M1 umakulonjerani usanakafike pa Mdeka ndi pa Zalewa. Inu a dziko lotentha, a mlambe ndi msawu, olima nandolo pa nthaka imene mvula imabwera mwa apo ndi apo. Tsiku la msika mbuzi zili mee, tomato ali psuu, a kabaza ali piringupiringu. Tambala asanalire ana anu ali kale pamsewu, njinga zolemedwa ndi matumba a makala, kukankha chitunda kuti mbaula za m'tauni ziyake. Mapiri ameta mpala chifukwa cha zimenezi, koma amene akudzudzula wamakala ayambe wafunsa chimene chaphika nsima yake.

Mdikira-malonjezo! Msewu wa ku Chingale mwaumva m'kamwa mwa atsogoleri nyengo iliyonse ya chisankho, inu n'kumaombabe m'manja mwaulemu.

Tsitsani ng'oma pang'ono, akuluakulu a kukhonsolo ndi a ku Lilongwe amve bwino. Mafumu a kwa Kuntaja, a kwa Kunthembwe, a kwa Chigaru ndi a kwa Lundu, tiyankhulireni. Malizani msewu wa ku Chingale, gwetsani mipopi m'midzi imene mapaipi amadutsa, ndipo pa Singano mangani nyumba yophunzitsiramo ana kuimba.