Bambo Wolemera M'maloto: Tsoka la Willy Loman ndi Nyumba Zathu

M'midzi yambiri ya m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Makanjira mpaka ku Nkhotakota, muli nkhani ya mnyamata amene anapita ku Joni ndi kachikwama kamodzi nabwerako ndi galimoto. Nkhaniyi imakambidwa pakhonde madzulo. Woikamba nthawi zambiri amakhala bambo, ndipo womvera amakhala mwana wamwamuna amene sanapitebe kulikonse. Ngakhale kuno ku Dambe, kumapiri a Neno, kumene anthu amadalira mbatatesi ndi tirigu, nkhaniyi imamveka chimodzimodzi. Tinaikumbukira titawerenganso sewero la Arthur Miller lotchedwa Death of a Salesman, lomwe linaonetsedwa koyamba ku New York mu February 1949 ndipo linapata mphotho ya Pulitzer chaka chomwecho.

Mtengambali wamkulu ndi Willy Loman, bambo wa zaka zopitirira 60 wokhala ku Brooklyn, amene wathera moyo wake pamsewu kutsatsa katundu wa kampani imodzi. Mphamvu zamuthera, malipiro okhazikika anamuchotsera, ndipo sabata iliyonse amabwereka madola 50 kwa mnansi wake Charley nkukauza mkazi wake Linda kuti ndi malipiro. Ana ake ndi awiri: Biff wa zaka 34, amene wayendayenda m'mafamu popanda chogwirika, ndi Happy wa zaka 32, wokonda akazi ndi kudzitama. Zochitika za seweroli zimatenga usiku umodzi ndi tsiku lotsatira, kenako maliro. Koma Miller analuka zakale ndi zatsopano pamodzi, kotero kuti Willy ali m'khitchini amayamba kucheza ndi anthu a zaka zambiri zapitazo, oonera nkumaona zonse zomwe zili m'mutu mwake.

Kodi munthu wotere ndi ngwazi? Aristotle, katswiri wakale wa ku Greece, anaphunzitsa kuti sewero la tsoka limafuna munthu wolemekezeka amene amagwa chifukwa cha cholakwa chake. Miller anayankha m'nkhani yomwe analemba mu New York Times mu 1949 kuti munthu wamba nayenso ndi woyenera tsoka lotere, malinga ngati ali wokonzeka kutaya moyo poteteza ulemu wake. Pamenepa tikugwirizana naye, pakuti chipembedzo chathu sichiyeza munthu ndi mpando kapena chuma. Chomwe tikufuna kufufuza ndi chakuti ulemu umene Willy akufera ndi wotani.

Chikhulupiriro cha Willy ndi chakuti munthu wokondedwa ndi anthu, wamaonekedwe abwino ndi wa pakamwa pokoma, sangasowe kanthu. Mboni yake ndi mkulu wake Ben, amene analowa m'nkhalango za ku Africa ali ndi zaka 17 natulukamo ali ndi zaka 21 atalemera ndi miyala ya dayamondi. Ben anamwalira, koma amabwerabe m'maganizo a Willy, ndipo safotokoza bwinobwino njira yomwe anapezera chumacho. Ameneyu ndi mnyamata wa galimoto uja wa pakhonde pathu. Timaona galimoto, koma za amene anabwerako chimanjamanja, kapena m'bokosi, sitikamba.

Chikhulupiriro chimenechi ndicho chimaononga ana. Biff ali pasukulu anatenga mpira wa sukulu popanda chilolezo, bambo ake nkungoseka. Anyamatawo akakatenga matabwa pamalo omanga nyumba, bambo amawayamikira kuti ndi olimba mtima. Bernard, mwana wa Charley, akamachenjeza kuti Biff alephera masamu, Willy amamunyoza. Patapita zaka, Bernard ndi loya amene akukayankhula ku khoti lalikulu kwambiri la dziko la America, pomwe Biff wakhalapo m'ndende miyezi itatu chifukwa choba suti. M'mera mpoyamba. Mu Qur'an yolemekezeka, Surah Luqman ikutionetsa bambo akulangiza mwana wake za kupembedza Allah yekha, kusunga swala, kupirira ndi kusayenda modzitukumula. Willy nayenso ndi bambo wolangiza kwambiri, ndipo amakonda ana ake ndi mtima wonse, koma malangizo ake ndi kudzitukumula kokhakokha.

Muzu wa udani wa bambo ndi mwana umaululika mochedwa. Biff atalephera masamu anathamangira ku Boston kukapempha thandizo kwa bambo ake, ndipo anawapeza m'chipinda cha hotela ali ndi mkazi wina, atamupatsanso masokosi atsopano pomwe mayi ake kunyumba amasoka akale. Kuyambira tsiku limenelo Biff analeka sukulu ndipo analeka kukhulupirira. Luso la Miller lili apa: chinsinsichi akuchidziwa anthu awiri okha m'nyumbamo, choncho mkangano uliwonse wa ntchito kapena ndalama umakhala ndi mkangano wina pansi pake. Willy amati mwanayo akulephera dala pofuna kumukhaulitsa. Kunena motero nkosavuta kwa iye kusiyana ndi kupepesa.

Linda ndi wovuta kumuweruza. Amadziwa za ngongole ya kwa Charley. Anapeza kapaipi ka labala komwe mwamuna wake anabisa pofuna kudzipha ndi gasi, koma amakachotsa nkukabwezeranso pamalo pake poopa kumuchititsa manyazi. Chikondi chake ndi chenicheni, ndipo mawu ake odzudzula ana chifukwa chonyoza bambo awo ndi ena mwa mawu amphamvu m'sewero lonse. Komabe chete wake sanapulumutse munthu. Kubisa manyazi a mnzako ndi khalidwe lomwe Chisilamu chimalimbikitsa, koma moyo ukakhala pachiswe, kuitana abale, Shehe kapena achipatala ndiko kumusunga.

Tsiku lomaliza zonse zimagwa. Howard, mwana wa mwini kampani, amuchotsa ntchito Willy. Charley amupatsa ntchito ina, iye nkuikana chifukwa cha kunyada, ngakhale ndalama zobwereka akulandirabe. Biff, amene anapita kukapempha mpamba kwa bwana wake wakale Bill Oliver, atulukako ataba cholembera. Pothawa ndi cholemberacho ndi pomwe maso ake atseguka. Usiku womwewo auza bambo ake, akulira, kuti onse awiri ndi anthu wamba ndipo m'nyumbamo simunanenedwepo chilungamo. Willy angomvapo chinthu chimodzi, kuti mwana wake amamukonda, ndipo aganiza zomusiyira madola 20,000 a inshulansi. Atenga galimoto nkukadzipha nayo.

Apa ndi pomwe tikusiyana ndi amene amati imfayi ndi nsembe ya bambo wachikondi. Ngwazi ya m'masewero akale imazindikira cholakwa chake isanagwe. Willy amwalira akukhulupirirabe kuti mtengo wa munthu ndi ndalama, kungoti tsopano wadziika yekha pamsika. Wozindikira ndi Biff. Sitikuona ngati chimenechi ndi chilema cha sewero, chifukwa Miller mwiniwake sakukometsa imfayo. Pamaliro sipafika khamu lomwe Willy ankalota. Pali banja, Charley ndi Bernard basi. Linda wamaliza kulipira ngongole ya nyumba tsiku lomwelo, mwini nyumba kulibe. Happy alumbira kuti apitiriza maloto a bambo ake, kusonyeza kuti matendawa alowa m'badwo wina. Surah An-Nisa imaletsa munthu kudzipha, ndipo pamalo omwewo ikutikumbutsa za chifundo cha Allah. Moyo ndi chinthu chomwe tinasungitsidwa, riziki ndi la Mwini wake, ndipo khomo la kulapa linali lotsegukabe kwa Willy usiku umenewo.

Seweroli si lachilendo monga dzina lake likumvekera. Miller analitsogolera yekha ku Beijing mu 1983, ndipo anthu a chikhalidwe china anadziona m'menemo. Kuno kwathu manyuzipepala amalemba kawirikawiri za abambo odzipha chifukwa cha ngongole ndi katapira. Magulu a zisudzo a achinyamata athu angachite bwino kuliyesa m'Chichewa kapena m'Chiyao, atachotsa zosayenera pamaso pa ana.

Pamaliro Biff akumbukira kuti bambo ake ankasangalala kwambiri akamakonza nyumba ndi manja awo. Akadakhala mmisiri wa matabwa wokhutira ndi chomwe Allah wamupatsa. Ife abambo, tisanayambe nkhani ya galimoto ija madzulo ano, tifunse kaye mwana kuti manja ake amatha chiyani, ndipo ngati tinamulakwira, timupepese tikadali ndi mpweya.