Khutu la mmisiri wa silimba

Alendo ambiri akalowa m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Livingstone, pa msewu wa Mosi-oa-Tunya, amathamangira kumene kuli makalata a David Livingstone. Nyumbayi inayamba mu 1934 ndipo ndi yakale kuposa zinzake zonse mu Zambia. Ine miyendo imanditengera kuchipinda cha zikhalidwe, kumene kuli zida zoimbira. Zili duu, zaukhondo, chilichonse ndi kapepala ka dzina lake. Koma ng'oma yosaomba imakhala ngati mkazi wovala bwino amene wamuuza kuti asayankhule paukwati wake. Kuti umve zimene mmisiri anaika m'mtengo, uyenera kutuluka panja n'kutsata kumene kukulira silimba ya Alozi, kaya ndi kunjira ya kumathithi a Mosi-oa-Tunya kaya kumahotela madzulo.

Wa ku Nsanje kapena ku Chikwawa akaiona sadabwa, chifukwa ndi mbale wake wa valimba. Matabwa andanda pa chimango, pansi pa thabwa lililonse palendewera chikho, woimba ali ndi timitengo tiwiri ta mitu ya mphira. Kwawo kwenikweni kwa silimba ndi kuchigwa cha Zambezi, kumene imalira pa mwambo wa Kuomboka, Litunga, mfumu ya Alozi, akamachoka ku Lealui kupita ku Limulunga m'bwato la Nalikwanda.

Mtengo wake ndi mlombwa, umene kuno amati mukwa. Mmisiri satenga wauwisi. Amafuna wouma gwa, woti ukaugogoda ndi chala uyankhe, ndipo ena amauwambanso pamoto. Akasema thabwa, ntchito yeniyeni ndiye yayamba, ndipo apa m'pamene ndimamuvulira chipewa. Akafuna kuti liwu litsike, amatembenuza thabwalo n'kupala kumimba kwake, pakatikati. Akafuna likwere, amapala kunsonga. Sompho ikadya mopitirira pakati, liwu latsika kwambiri, ndiye abwerere kunsonga. Akapitirizanso kunsonga, abwerere pakati. Wosaleza mtima amathera thabwa lonse m'zipalapala. Katswiri amapala kawiri katatu, agogoda, apendeketsa mutu, apalanso kamodzi kokha, basi.

Ngakhale pobowola mabowo a chingwe sabowola paliponse. Thabwa likamenyedwa limanjenjemera lonse kupatula malo awiri, chakufupi ndi nsonga zake. Ukaligwira ndi zala ziwiri pamenepo n'kuligogoda, limalira momasuka. Ukaligwira pena, limangoti phu. Chingwe chimadutsa pa malo awiri ogonawo. A sayansi ya mawu ali ndi masamu ake a zimenezi, koma mmisiri amawapeza ndi chala chachikulu ndi cha mkombaphala.

Kenako chikho. Thabwa la liwu lalikulu limafuna chikho chachikulu, la liwu laling'ono kachikho kakang'ono, komabe kukula kokha sikukwanira. Mpweya wa m'chikho uli ndi liwu lakelake, ndipo liyenera kufanana ndi la thabwa. Mmisiri amauzira pakamwa pa chikho kapena kuchimenya ndi chikhatho, n'kumvetsera. Akakulitsa kamwa, liwu limakwera. Akalichepetsa ndi phula, limatsika. Zikagwirizana, thabwa lomwe limangoti ko ko limayamba kubangula. M'mbali mwa chikho amaboola kabowo n'kumatapo kachikopa kopyapyala kamene kangaude amakutira mazira ake. Kameneka ndi kamene kamabweretsa kulira kwa m'mphuno kuja, zzz, kumene mlendo wina amayesa kuti chida chang'aluka, chonsecho kwa eni ake ndiwo mchere wa nyimbo. Masiku ano ambiri amamata pepala la fodya kapena pulasitiki ya jumbo. Sindiwadzudzula, kangaude uja sapezeka pa msika wa Maramba.

Nanga mmisiri amadziwa bwanji kuti liwu lakwana? Palibe piyano pafupi. Ali nazo m'mutu nyimbo zimene anakula nazo, ndipo amachuna mpaka nyimbozo zitakhala bwino pa matabwa. Khutu limenelo silingaikidwe m'kabati yagalasi. Amene anayesetsa kuligwira ndi Hugh Tracey, yemwe mu 1954 anakhazikitsa laibulale ya nyimbo za mu Africa yotchedwa International Library of African Music. Atamwalira mu 1977, mwana wake Andrew Tracey anaisamutsira ku yunivesite ya Rhodes mu 1978, m'tauni ya Grahamstown, imene lero ndi Makhanda. Kumeneko kuli matepi, zithunzi, zida zoimbira, ndi mbale zoposa 200 za mndandanda wa Sound of Africa.

Tracey nayenso anali mmisiri mwa njira yake. Maikolofoni ankaigwira m'manja n'kumayenda nayo pakati pa oimba, kuiyandikiza kwa uyu kenako kwa uyo, kuti womvera adzamve mbali iliyonse payokha isanalowe m'gulu. Akatha ankawaseweretsera eni ake zimene wajambula. Ndipo ankayenda ndi bokosi la timafoloko tachitsulo tochunira, kuyambira kogwedezeka ka 212 pa sekondi mpaka ka 424, kalikonse kosiyana ndi kanzake ndi 4. Ankagogoda thabwa la mangolongondo kapena kachitsulo ka kalimba, n'kufunafuna kafoloko kogwirizana nako, n'kulemba nambala pa khadi. Manambala amenewo anaonetsa kuti machunidwe a kwathu kuno si do re mi wophonya, monga ankanenera ena a kumishoni, koma dongosolo lina limene amisiri amalibwereza mwadala. Mu 1957 anatsikira kuchigwa cha Gwembe n'kujambula Atonga madzi a Kariba asanamize midzi yawo, anthu pafupifupi 57,000 n'kusamutsidwa. Ngakhale valimba yathu ili m'mabuku awo: mu 1991 Andrew Tracey analemba za Kambazithe Makolekole ndi gulu lake m'magazini ya laibulaleyo, African Music.

Pali chimodzi chimene chimandikhumudwitsa: mawu ali ku Makhanda, mtengo uli ku Livingstone, mdzukulu wa woimba ali ku Mongu kapena ku Sinazongwe. Laibulaleyo yakhala ikuyesa kubweza nyimbo zina kwa eni ake, koma mtunda ndi wautali.

Pakali pano silimba yabereka mwana amene watchuka kuposa make. Ku koleji ya Kwanongoma ku Bulawayo, m'zaka za m'ma 1960, anatengera nzeru za silimba ndi zida zina n'kupanga marimba a kusukulu, ochunidwa kuti agwirizane ndi nyimbo za piyano. Afalikira mpaka ku America, ndipo nyimbo ya Chilozi ya Siyamboka inapita nawo. Ndi okoma, sindikana. Koma ana ambiri amene amaomba marimba amenewo akamva silimba yakale amati yaphonya.

Ndiye ukaima pa malo ogulitsira ziboliboli pafupi ndi mathithi, usafulumire kufunsa mtengo. Tembenuza thabwa limodzi uone kumimba kwake. Ngati kuli see, kosalala ngati tebulo, imeneyo ndi yokongoletsera pabalaza. Ngati kuli zipsera za sompho, zakuya pakati, zosaya kunsonga, kwinaku phula lakuda litamatirira pakamwa pa chikho, pempha timitengo uombe.