Kompyuta Yafa Kapena Yakomoka?

Mphunzitsi wa ku Nathenje kapena ku Mitundu akanyamula laputopu yake kupita nayo kwa mmisiri mumzinda wa Lilongwe, kawirikawiri amafotokoza vuto lonse ndi mawu awiri okha: "Kompyuta yafa." Mawu omwewa amamveka m'timashopu totayipa makalata m'misika ya m'dera la Diamphwe, ndiponso pakati pa ophunzira a ku Bunda pa nyengo yolemba malipoti a kafukufuku. Olemba nkhani ndi omasulira nawonso awatenga monga tanthauzo la liwu la Chingerezi lakuti "crash". Kumasulira kumeneku n'kolakwika, ndipo kulakwika kwake sikuthera papepala. Mmisiri amene wauzidwa kuti chinthu chafa saona chifukwa chochigwirira mosamala. Amathamangira kufomata ndi kuikamo Windows yatsopano, ndipo mafunso a mayeso pamodzi ndi malikisi a chaka chonse amafufutika.

Ena pofuna kulambalala vutoli amangobwereka liwu la Chingerezilo. Ngati libwerekedwa, liyenera kulembedwa "kukirasha", osati "kukrasha", pakuti Chichewa sichigundanitsa k ndi r popanda lembo laliwu pakati, ndipo malamulo a kalembedwe a 1990 amalola r kutsatira i kapena e. Komabe kulilemba bwino sikulichiritsa, chifukwa ngakhale kwawo liwuli lili ndi nkhope ziwiri. Hadi disiki, imene kampani ya IBM idayamba kupanga mu 1956, ili ndi timbale tozungulira mwaliwiro, nthawi zambiri maulendo 5,400 kapena 7,200 pa mphindi imodzi, ndi kamutu kowerenga kamene kamayandama pamwamba pake. Kamutuko kakagunda kambale kamakakanda, ndipo kumeneko ndiko kugunda kwenikweni. Koma liwu lomwelo limanenanso kuima kwadzidzidzi kwa pulogalamu pomwe palibe chimene chagunda chinzake. Wobwereka liwu wabwereka ndi chisokonezo chake chomwe.

Chonsecho Chichewa chili ndi aneni okwanira. Sikirini ikaima, mausi osayenda, koma fani ikulirabe, anthu amati "yauma", ndipo liwu limeneli n'labwino; akonzi alisunge. Makina akathima mwadzidzidzi, "yazima" akukwana, ndipo woyamba kukayikiridwa ndi magetsi, batire kapena kutentha. Fumbi la mwezi wa Okotobala ku Mitundu likatseka timipata topumira, kompyuta imadzizimitsa yokha kuti isapse. Chimene chikusowa ndi liwu la vuto lapakati, pamene kompyuta yasiya ntchito zonse, yaonetsa uthenga wa vuto, kenaka n'kuyakanso. Liwu loyenera pamenepa ndi "kukomoka". Wokomoka amatsitsimuka, koma kukomoka kobwerezabwereza kumasonyeza matenda ofunika kupimidwa, ndipo izi ndi zimene mwini kompyuta ayenera kumva. Pa 19 Julaye 2024 makompyuta pafupifupi 8.5 miliyoni a Windows adaima m'maiko ambiri chifukwa cha kulakwika kwa pulogalamu ya kampani ya CrowdStrike. M'kati mwa makinawo mudalibe chitsulo chimene chidathyoka. Adakomoka, ndipo atachotsedwa kafayilo kolakwikako adatsitsimuka. Mneni "kufa" asungidwire chipangizo chimene sichidzagwiranso ntchito.

Pali ena amene amatchula vutoli ndi mtundu wa sikirini, kuti "yachita buluu". Dzina lotsamira pa maonekedwe silikhalitsa: mu 2025 kampani ya Microsoft idasintha sikirini imeneyi kukhala yakuda mu Windows 11.

Nkhani yovuta koposa ndi ya chipangizo chosungira zinthu. M'malaputopu ambiri atsopano mulibe hadi disiki, muli SSD. Mtanthauziramawu wa Chinyanja udasindikizidwa mu 2000 chipangizochi chisanafale, kotero olemba akhala akudzisankhira okha. Ambiri amachitchabe "hadi disiki", ndipo dzina lakaleli limabwera ndi nzeru zakale. Wozolowera hadi disiki amadikira kumva kugogoda kapena kukwekwesa m'kati mwa makina asanayambe kuda nkhawa. SSD ilibe kambale, ilibe kamutu, ilibe chozungulira. Imasunga zinthu m'timaselo ta magetsi ta mtundu wa NAND, umene Fujio Masuoka ndi anzake a ku Toshiba adaulengeza mu 1987. Timaseloti timatha pang'onopang'ono nthawi iliyonse pamene talembedwa ndi kufufutidwa, ndipo chipangizocho chikamafika kumapeto sichilira. Zizindikiro zake ndi zina: kompyuta imauma potsegula fayilo, mafayilo amakana kusungika, nthawi zina imalola kuwerenga kokha osalola kulemba, ndipo tsiku lina imadzuka n'kunena kuti sikuona poyambira.

Omasulira ena, poona mawu akuti "solid state", amalemba "chosungira cholimba". Apa ndiye pagona ngozi. Mawu a Chingereziwo sanena za kulimba. Amanena kuti ntchito yonse imachitika m'kati mwa kachipangizo kopanda ziwalo zoyenda. N'zoona kuti SSD imapirira kugwedezeka kwa pa kabaza kuposa hadi disiki, koma wowerenga "cholimba" amaganiza kuti sichiwonongeka, ndiye saona chifukwa chokopera mafayilo ake pena. Kuli bwino kubwereka dzinali monga anthu amalitchulira, "esiesidi", liwu limodzi lotenga mgwirizano wa gulu la I-Zi: esiesidi yadzaza, esiesidi yanga. Pochulukitsa anthu amati "maesiesidi", monga amanenera "makompyuta", ndipo palibe chifukwa cholimbana nawo. Zilembo za SSD zingatsale m'mabuku a amisiri ndi pa malisiti.

Pophunzitsa, liwu la "nkhokwe" lingathandize monga dzina la zosungira zonse, hadi disiki, esiesidi ndi fulashi. Phindu lake likuonekera posiyanitsa zosungirazi ndi RAM, imene ambiri amaiphatikiza nazo pansi pa liwu limodzi la "memole". RAM ili ngati lichero: imanyamula chimene chikupetedwa nthawi imeneyo, ndipo magetsi akathima imatsala yopanda kanthu. Lichero long'ambika limakomoletsa kompyuta monga momwe nkhokwe yofumbwa imachitira, koma mankhwala ake ndi osiyana. RAM yowonongeka imangosinthidwa, mafayilo osakhudzidwa. Mmisiri wodziwa ntchito amayamba wapima: RAM ndi pulogalamu yonga MemTest86, esiesidi powerenga kaundula wa thanzi lake wotchedwa SMART. Fanizoli ndi la m'kalasi. Lisasanduke dzina, chifukwa palibe amene angalowe m'sitolo kukagula lichero la kompyuta.

Kuthimathima kwa magetsi kumalumikiza mavuto onsewa. Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko lidataya pafupifupi mamegawati 130 mpaka mu 2023, ndipo makompyuta a padesiki opanda batire ankazima ali pakati pa ntchito. Esiesidi ili ndi kaundula wake wosonyeza pamene chinthu chilichonse chili. Magetsi akathima kaundulayo akulembedwa, amatha kusokonekera, ndipo chipangizo chimene timaselo take tili bwinobwino chimaoneka ngati chafa. Apa kufomata n'koopsa kuposa kale. Pa hadi disiki zofufutidwa zimatsala kwa kanthawi ndipo katswiri amatha kuzivuula, pomwe pa esiesidi lamulo lotchedwa TRIM limauza chipangizocho kuti chiyeretse malowo, ndipo zikapita sizibwerera kawirikawiri.

Tsono mphunzitsi wa ku Nathenje uja akadati, "Yakomoka katatu sabata ino, nthawi zonse potsegula fayilo yaikulu, ndipo dzulo idadzuka osaiona esiesidi," mmisiri akadadziwa kuti ntchito yoyamba ndi kukopera mafayilo pa chipangizo china asanakhudze kalikonse. Ntchito yokoperayo nayo ikufuna dzina lokhazikika. "Bakapu" lafala kale pakamwa pa achinyamata, koma "kusunga padera" kumamveka ngakhale kwa mlembi wa kalabu ya alimi amene wagwira kompyuta koyamba, ndipo ndiko kuyenera kulowa m'mabuku a sukulu.