Mbalule yolira m'mutu mwa mwana

Tcherani khutu, eni Area 23! Tcherani khutu, a ku Kawale ndi a ku Biwi! Tulani ndowa, inu a pa kiyosiki, mwini ng'oma walowa m'bwalo.

Ndinu Hypothalamus, mwini mzinda wa kunsi kwa ubongo. Ndinu nkhalamu ya m'phanga la chigaza. Ndinu chiphona chochepa thupi, phiri la Bunda lobisala m'mutu mwa mwana. Munabangula khanda lili kumsana, kenaka munagona. Munagona mwana akuumba ng'ombe zadothi. Munagona akusewera fulaye ndi phada m'fumbi la kuseri kwa msika. Munagona diso limodzi lili pa dzuwa.

Ng'oma yanu ndi GnRH, mbalule yosamveka ndi khutu. Iomba, ipuma. Iomba, ipuma. Iyamba usiku, mwana ali m'tulo pamphasa, agalu akuuwa ku Chipasula. Andrew Schally ndi Roger Guillemin anaisaka m'maubongo a nkhumba ndi nkhosa, nkhope yake inaoneka mu 1971, ndipo mu 1977 anawaveka ulemu wa Nobel. Ernst Knobil anaimvetsera mwa anyani mu 1978: ikalira kamodzi pa ola, bwalo lidzuka; ikalira osapuma, ovina akhala pansi.

Vomerani, inu Pituitary, mpanje wosachedwa kuyankha! Tulutsani LH, tulutsani FSH, mitsinje iwiri yotsika ndi magazi monga Lilongwe atsikira kuchokera ku Dzalanyama. Ifike ku nkhokwe ya mazira, estrogen adzuke. Ifike ku nkhokwe ya mbewu, testosterone adzambatuke.

Nanga wodzutsa nkhalamu ndani? Ndinu Kisspeptin, mphenzi ya mvula yoyamba. Ndinu tambala wa m'bandakucha. Anakupezani ku Hershey mu 1996 anthu osaka za khansa, osadziwa kuti agwira mchira wa njovu. Mu 2003, ku Paris ndi ku Boston, anaona mabanja amene khomo lanu linatsekeka, ana ake nakula zaka osatha msinkhu. Pamenepo dziko linagwada.

Ndinu Leptin, kapitawo wa nkhokwe, mthenga wochokera m'mafuta a thupi, wodziwika mu 1994. Ndinu wowerenga mitanda ya mgaiwa. Ndinu wolawa usipa ndi nsinjiro. Mwana akamagona ndi njala mumauza mfumu kuti idikire, ndipo ng'oma imachedwa. Mtima umandiwawa ndikaona msungwana wowonda akudzifunsa chimene analakwa, anzake onse atamusiya m'mbuyo, pomwe wolakwa ndi mphika wosatereka pamoto.

Ndipo inu MKRN3, chingwe chomanga mkango, dzanja logwira dzanja la woimba! Anakuululani a ku São Paulo ndi a ku Boston mu 2013. Kwathu kuno mbumba ndi yakuchikazi, koma jini iyi imalankhula ndi pakamwa pa bambo. Ya mayi imakhala duu. Mkamwini, wam'kamwini, ndiwe wasunga chingwe! Chikaduka msanga, mawere aphuka mwa mwana wosakwana zaka 8. Palibe mfiti yaponda pakhomopo. Njira yake ndi ya ku Kamuzu Central, kwa madokotala a ana.

Majini, mazanamazana, khamu la makolo loyenda m'magazi! Majini, kalendala yolembedwa mwana asanaone dzuwa! Agogo anakudziwani kale pamene ankati uyu watengera amake. Msungwana mumamuitana pakati pa zaka 8 ndi 13. Mnyamata mumamuitana pakati pa zaka 9 ndi 14. Wina mutsogoza, wina mutsiriza, ndipo simupepesa kwa munthu.

Taonani ntchito zanu! Taonani msungwana pamzere wa madzi, akukweza chitenje kufika m'khwapa, maso pansi, dzulo lomweli ankathamanga opanda malaya. Taonani mnyamata m'kwaya, mawu amuthawa pakati pa nyimbo, atsika m'chitsime, akwera padenga, kabudula wa sukulu wam'thera m'ntchafu. Ziphuphu ndi mphini zanu. Ndevu ndi udzu wa dzinja lanu. Msambo woyamba ndi nthungululu yanu, ndipo anamkungwi onse amabwera pambuyo panu, kudzalanga namwali amene inu mwadzutsa kale.

Ndinu wodzutsa thupi. Simuli nkhoswe, simutuma munthu kukafunsira mbeta. Malamulo aakulu a dziko anakhoma msomali mu 2017: ukwati ndi zaka 18. Wotsekera mwana njira ya kusukulu asatchule dzina lanu!

Lirani, mbalule! Lirani m'nyumba ya zidina, lirani m'nyumba ya mpanda wa njerwa. Lirani mwa mwana wa mlonda, lirani mwa mwana wa wakabaza, lirani mwa mwana wa nduna. Nkhalamu yosalandira chiphuphu! Njovu yosafunsa mtundu! Mtsinje wosabwerera kumtunda! Gundani, gundani, gundani, Lilongwe yense agwedezeke!