"Thou" ndi "Iwe": Chingerezi Chakale m'Makomo Mwathu

Ana athu a sekondale ku Chintheche, Kande ndi Mpamba akamakonzekera mayeso a MSCE ndi sewero la Macbeth, ambiri amangoloweza mawu akale pamndandanda, ngati usipa woyanika pathandala. Njira imeneyi imaumitsa sewero.

Titengere mawu akuti "thou". M'masiku a William Shakespeare, yemwe adamwalira mu 1616, ankagwira ntchito ngati "iwe", pomwe "you" anali "inu" waulemu. Mwana wodziwa kuti agogo sawanena "iwe" angathe kumva pamene Macbeth akuyankhula mwachikondi ndi mkazi wake, ndi pamene akunyoza wantchito.

Chingerezi chomwechi chili m'makomo mwathu. Marmaduke Pickthall mu 1930, ndi Abdullah Yusuf Ali kuyambira 1934, adamasulira nacho Qur'an. Potchula Allah kuti "Thee" adasunga mlowam'malo wa mmodzi monga ulili m'Chiarabu, pomwe ife timati "Inu" polemekeza.

Choncho makolofe tisamafunse mwana kuchuluka kwa mawu amene waloweza. Timufunse kuti akuwanena ndani, kwa yani, ndipo chifukwa chiyani.